Nthondo, Mbala Yokana Kukalamba

Buku la Nthondo, lolembedwa ndi Samuel Josia Nthara, lidatuluka koyamba m'chaka cha 1933. Papita zaka zoposa 90, koma likadali pakati pathu, poti ndi limodzi mwa mabuku amene ana a sekondale amalembera mayeso a Chichewa a MSCE. Kunena kuti lili pakati pathu mwina n'kuwonjeza, chifukwa chimene ana ambiri amagwira m'manja ndi timapepala ta manotsi ta fotokope, kapena totumizirana pa WhatsApp, tofotokoza mwachidule zochitika m'mutu uliwonse pamodzi ndi phunziro lake. Mwana atha kukhoza mayeso bwino lomwe asanamve liwu la Nthara ngakhale pa tsamba limodzi. Mukamufunsa za bukulo akuuzani kuti n'lotopetsa, nkhani ya anthu akalekale osavala nsapato. Akuluakulu akamva zotere amapukusa mitu, amvekere ana a masiku ano sadziwa chokoma, mabuku adali akale. Koma afunsitseni akuluakulu omwewo kuti adaliwerenga liti komaliza. Ambiri adalisiya tsiku limene adatuluka m'chipinda cha mayeso, ndipo chimene akuchilakalaka ndi unyamata wawo.

Mkangano wotere sudayambe lero, ndipo si wa ife tokha. Ibn Qutayba, katswiri wa chilankhulo amene adakhala ku Baghdad n'kumwalira m'chaka cha 889, adaupeza pakati pa anthu a nthawi yake. Padali ophunzira amene ankalemekeza ndakatulo iliyonse malinga mlakatuli wake adafa kalekale, n'kumanyoza ya mlakatuli wamoyo ngakhale ikome chotani. M'mawu oyamba a buku lake lonena za ndakatulo ndi alakatuli, iye adakana muyeso umenewo, nalimbikira kuti ntchito iyesedwe ndi ubwino wake, zaka za mwini wake zikhale pambali. Muyeso womwewo ndiwo ndifuna kuyesera Nthondo, ndipo chigamulo changa ndichinene msanga. Bukuli lili ndi moyo, koma moyo wake suli pamene sukulu imaloza chala. Mbali imene idalembedwa kuti itiphunzitse ndiyo yafota. Mbali imene Nthara adangosimba zimene maso ake adaona ndi zimene makutu ake adamva ikadali yaiwisi.

Nthara adabadwa m'chaka cha 1905. Adaphunzira ndi kuphunzitsa m'sukulu za mishoni ya Dutch Reformed Church, imene idayambira ku Mvera mu 1889 n'kudzakhazika likulu lake ku Nkhoma. Anthu a mishoniyi, motsogozedwa ndi William Murray, adagwira gawo lalikulu pa ntchito yomasulira Buku Lopatulika limene lidatuluka mu 1922, choncho Nthara adakulira pamalo pamene Chinyanja cholembedwa chinkaumbidwa iye akuona. Pa nthawiyo bungwe lina la ku London, International Institute of African Languages and Cultures, linkachititsa mpikisano wa zolemba za anthu a mu Africa m'zilankhulo zawo. Nthara adatumiza nkhani yake, ndipo idapata mphoto. Mu 1934 mmishonale wa ku Scotland, Thomas Cullen Young, adaimasulira m'Chingerezi n'kuipatsa mutu woti Man of Africa. Idasindikizidwa ndi Religious Tract Society, ndipo mawu otsogolera adalemba ndi wasayansi wotchuka Julian Huxley. Young yemweyu ndiye adadzagwirizana ndi Hastings Kamuzu Banda pokonza buku la Our African Way of Life mu 1946.

Mbiri imeneyi ndaifotokoza chifukwa imamveka m'bukumo. Mnyamata wa zaka zosakwana 30 ankalemba anthu atatu atamuimirira kumbuyo. Woyamba adali mmishonale, mwini makina osindikizira, amene ankafuna nkhani yothandiza mpingo. Wachiwiri adali mzungu wa ku London, wofuna kudziwa mmene munthu wakuda amabadwira, amakwatirira ndi mmene amaikidwira m'manda. Wachitatu adali munthu wa kumudzi, mnzake wa Nthara, amene ankangofuna kumva nkhani yokoma. Aliyense mwa atatuwa adalandira gawo lake, ndipo magawowo sadakalambe mofanana.

Gawo la mzungu wa ku London ndi malo aja pamene nkhani imayenda pang'onopang'ono kuti mwambo uonekere wonse: kubadwa kwa mwana, matenda ndi kuombeza, maliro. Mutu wa Chingerezi uja ukuulula cholinga, poti Nthondo adasandutsidwa chitsanzo cha munthu aliyense wa mu Africa, ngati kuti mwana mmodzi wa m'mudzi wa Achewa angaimire anthu onse kuchokera ku Dakar mpaka ku Zanzibar. Wowerenga wa lero amene watopa pa malo amenewa sindimuimba mlandu kwambiri. Komabe nthawi yachita zodabwitsa. Mwana wobadwira kuchipatala, wokulira pa boma la Ntcheu, lero waima pafupifupi pamene padaima mzungu uja: chikuta sachidziwa, m'mphala sadagonemo. Zimene zidalembedwera mlendo tsopano zikuthandiza mdzukulu wa mwini mudzi. Gawo limeneli lafooka ngati nkhani, lakwera mtengo ngati umboni, ndipo ndilisiye pomwepo.

Gawo la mmishonale ndilo limandivuta. Nthondo, atatha kuba, kunama, kuyendayenda ndi kusautsa abale, amadzalowa ufumu, kenaka amatembenuka mtima n'kumwalira ali munthu wa mpingo. Wina anena kuti mwalimu wa madrasa sangayamikire mathero otere. Ayi, vuto silili pa dzina la chipembedzo. Nthondo akadatsiriza ndi kutamula shahada n'kuyamba kuswali kasanu pa tsiku, dandaulo langa likadakhala lomweli. Kulapa ndi imodzi mwa nkhani zazikulu kwambiri zimene wolemba angagwire, ndipo aliyense amene adaonapo munthu akusiya mowa, kapena akubweza katundu amene adamudyera mnzake, akudziwa kuti sikuchitika tsiku limodzi. Munthu amabwerera m'mbuyo, amachita manyazi, anzake akale amamuseka, ndipo amene adawalakwira samukhulupirira msanga. Nthara adali ndi luso lokwanira kutionetsa zonsezi. Koma kugwa kwa Nthondo adakupatsa masamba ochuluka, pamene kudzuka kwake adakuthamangitsa, ngati mlimi amene waona dzuwa likulowa ndime isanathe. Mawu amene adali akuthwa pofotokoza mbala amasanduka aulemu ndi ofewa pofotokoza wotembenuka. Mbala tidaidziwa nkhope ndi mayendedwe omwe, koma za wolungama uja tangouzidwa kuti alipo.

Sadali yekha m'goli limeneli. Ku Lesotho, Thomas Mofolo adalemba buku lake loyamba, Moeti oa Bochabela, mokondweretsa amishonale a ku Morija, ndipo lidatuluka mu 1907 popanda vuto. Atalemba Chaka, nkhani ya mfumu ya Azulu yodzaza magazi ndi mankhwala, zolembazo zidakhala zaka pafupifupi 15 zisanasindikizidwe, mpaka 1925. Lero Chaka ndilo dziko lonse likuwerenga. Kumpoto kwa Nigeria, mu 1933 momwemo, ofesi ya atsamunda ku Zaria idachititsa mpikisano wa nkhani za m'Chihausa, ndipo umo ndimo mudachokera Shaihu Umar la Abubakar Tafawa Balewa, amene pambuyo pake adakhala nduna yaikulu yoyamba ya dzikolo. Olemba a kumeneko adali Asilamu, koma nawonso adali ndi wowaimirira kumbuyo. Mabuku oyamba a zilankhulo zambiri za mu Africa adabadwira m'nyumba ya eni, ndipo mlendo sayankhula zonse zimene akudziwa pamaso pa mwini nyumba.

Tsono tibwere kwa wachitatu uja, munthu wa kumudzi wofuna nkhani, pakuti gawo lake ndilo likusunga bukuli ndi moyo. Nthara adachita chinthu cholimba mtima chimene manotsi sachitchula: mphunzitsi wa mishoni adatenga mbala n'kuiika pakati pa buku. Akadatha kulemba za mwana womvera amene adakonda sukulu n'kukhala mlaliki, nkhani yosavuta kusindikiza komanso yosavuta kuiwala. Iye adasankha mwana wamwano, wa dzanja lalitali, wodziwa kukonza bodza lisanafunike. Ndipo sadamulembe ngati chilombo choopsezera ana. Nthondo ndi wochenjera, ndi wamoyo, nthawi zina ngoseketsa. Wowerenga amangozindikira kuti mtima uli m'mwamba kufuna kudziwa ngati mnyamatayu apulumukenso ulendo uno, kenaka n'kuchita manyazi kuti wakhala mbali ya wakuba. Manyazi amenewo ndiwo ntchito ya nkhani yabwino. Ulaliki umakuuzani kuti kuba n'koipa, ndipo mumavomera muli chikhalire pamphasa. Nkhani imakutengani n'kukakulowetsani pakhomo pa eni usiku, mtima ukugunda, kuti mumve nokha mmene tchimo limakomera lisanayambe kuwawa.

Kalembedwe kake kamathandiza pa zimenezi. Nthara satsegula mutu wa munthu n'kutiwerengera maganizo monga achitira olemba ambiri a masiku ano. Amatipatsa zochita ndi zoyankhula, ndipo anthu ake amayankhula ngati anthu enieni a pabwalo: amayamba ndi ulemu, amazungulira, amafunsa chimene akuchidziwa kale, mfundo n'kudzatulukira kumapeto. Amene adakhalapo pa mlandu wa kwa mfumu, kapena pa zokambirana za ankhoswe, azindikira kayendedwe ka mawu kameneka. Wowerenga wothamanga amati palibe chikuchitika, chikhalirecho zonse zikuchitikira m'mayankhulidwemo, wina akukana mlandu mosaukana, wina akunyoza mwaulemu.

Palinso funso limene bukuli limafunsa mosafuula, ndipo likutikhudza ife lero kuposa mmene lidawakhudzira a mu 1933: mwana woipa ndi wa yani? Atate ake a Nthondo amamwalira iye akadali wamng'ono, ndipo amakula m'manja mwa amayi ake ndi abale. M'mudzi wa Achewa mwana sadali wa anthu awiri okha. Padali atsibweni, eni mbumba, amene mlandu wa mwana wa mlongo wawo unkawagwera pamutu. Komabe mpanda wonsewo sudaletse mwanayu kupotoka. Apa Nthara ndi woona mtima kuposa akuluakulu aja amene amati kale ana onse adali omvera. Mudzi wake wakale uli ndi chifundo ndi dongosolo, komanso uli ndi mantha, kuganizirana zoipa ndi kulekerera. Ife amene timaphunzitsa ana masana, sukulu ikaweruka, timawaona a Nthondo ameneŵa chaka ndi chaka: mwana amene bambo ake adamwalira kapena adapita kunja osabwerera, agogo okalamba akulephera kumugwira, amalume ali kutali ndi mavuto awo. Mudzi umayamba wasekerera kuchenjera kwake ali wamng'ono, n'kudzamumangirira pamtengo atakula. M'zaka zaposachedwapa tamva kangapo za oganiziridwa kuba akuotchedwa ndi gulu la anthu m'misika ndi m'matauni a dziko lino. Buku limene limatikakamiza kuyenda ndi mbala kuyambira tsiku lobadwa, kudziwa amayi ake, kuona pamene idayamba kupatuka, silingatchedwe lachikale m'dziko lotere.

Za ufumu ujanso tisazidumphe, ngakhale Nthara mwini wake sakhalitsapo. Munthu amene adasautsa mudzi ali mnyamata amadzakhala pampando woweruza milandu ya ena, chifukwa ufumu umatsata magazi. Manotsi amaona pamenepa umboni woti munthu amasintha. Ine ndimaonapo chinthu chowawa kuposa pamenepo, ndipo ndikukhulupirira kuti Mmalawi aliyense amene adatsata nkhani ya Cashgate mu 2013 sangawerenge gawo limeneli osaluma mlomo.

Ulendo wokafuna ntchito kutali ndi kwawo nawonso sufuna womasulira. M'masiku a Nthara chimene chinkatulutsa amuna m'midzi chidali msonkho wa boma la atsamunda ndi chilakolako cha nsalu. Ankapita ku minda ya azungu ya ku Thyolo ndi Mulanje, ku Salisbury kumene anthu ankati ku Halale, ndi ku migodi ya ku Johannesburg kumene timangoti ku Joni. Pambuyo pake kudabwera ndege za Wenela, mpaka pamene ngozi ya ku Francistown mu Epulo 1974, imene idapha Amalawi 74 ochokera ku migodi, idachititsa boma kuimitsa kulemba anthu ntchitoyo. Lero Wenela kulibe, kuli mabasi ndi mapasipoti, ndipo mu 2015 boma lidachita kutumiza mabasi kukatenga anthu athu othawa zipolowe ku South Africa. Chasintha ndi chokwera. Mnyamata wonyamuka ndi malonjezo odzaza pakamwa, ndi amayi otsala akuyang'ana kunjira, ndi omwe aja.

Pa nkhani ya ulendoyi n'kwabwino kuika Nthondo pambali pa mabuku awiri a John W. Gwengwe a m'zaka za m'ma 1960, chifukwa awiriwo akuonetsa poyera chimene chimakalamba ndi chimene sichikalamba mwa wolemba mmodzi. Kukula ndi Mwambo ndi nkhokwe ya miyambo ndi malangizo. Chichewa chake n'chokoma, ndipo wofufuza za chikhalidwe sangalilambalale, koma ndi buku lodziwa mayankho onse lisanayambe, choncho wachinyamata wa lero amalimva monga amvera agogo akayamba zoti m'nthawi yathu ife. Sikusinja ndi Gwenembe ndi lamtundu wina. Anyamata awiri apachibale apita kukagwira ntchito. Wina asunga chuma, wina amwaza, ndipo pobwerera wopanda kanthu uja apha mnzake kuti akalowe m'mudzi ndi katundu wa eni. Mboni palibe koma mbalame, ndipo mbalameyo n'kosatheka kuitseka pakamwa. Gwengwe adatenga msana wa nthano ya pamoto n'kuuveka thupi la nthawi ya ndalama. Ana a madrasa akamva nkhaniyi sachedwa kukumbukira ana awiri a Adam m'Surat al-Ma'ida, pamene m'bale apha m'bale wake, kenaka khwangwala n'kudzamuonetsa kakwiriridwe ka mtembo. Uko mbalame ichititsa manyazi wakupha pomuonetsa chimene walephera, kuno imuchititsa manyazi poulula chimene wabisa. Ndipo nsanje ya wobwera chimanjamanja pa mnzake wobwera ndi malata ndi njinga yamoto ikudziwika m'mudzi uliwonse umene uli ndi ana ku Joni.

Pali chotsutsa china chimene ndimachilemekeza kuposa chija choti mabukuwa ngotopetsa. Kuno ku Nzama, pamene ansembe a Montfort adatsegula mishoni yawo yoyamba m'dziko muno mu 1901, tili m'dziko la Angoni a Maseko, anthu a Inkosi Gomani, amene mfumu yawo Gomani Chikuse idaphedwa ndi asilikali a atsamunda mu 1896. Mwana wa kuno kawirikawiri ndi Mngoni wa Katolika, kapena mwana wa banja lachisilamu limene lidafika ndi malonda. Atha kufunsa kuti, m'mabuku amenewa ine ndili pati? Funsolo n'lomveka. Ambiri mwa mabuku amene timawatcha akale a Chichewa adachokera m'manja mwa ophunzira a mishoni, chifukwa sukulu ndi makina osindikizira zidali za mishoni. Makolo ambiri achisilamu adakaniza ana awo sukulu zimenezo poopa kuti akasinthidwa chipembedzo ndi mayina. Mtengo wa chisankhocho udalipiridwa kwa mibadwo ingapo, ndipo mbali ina ya mtengowo ndi yoti moyo wa Msilamu wa ku Nkhotakota kapena ku Mangochi wa nthawi imeneyo ulibe Nthara wake. Ngakhale mbiri yotchuka ya Ayao, Chiikala cha Wayao ya 1919, adalemba ndi Yohanna Abdallah, wansembe wa mpingo wa Anglican.

Koma kusapezekamo kwathu si chifukwa chotsekera buku. Amene tidaphunzira Chiarabu ku koleji tidakhetsa thukuta pa ndakatulo za Imru' al-Qays ndi anzake a Mu'allaqat, anthu a nthawi ya umbuli, oimba za mowa, za akazi ndi za nkhondo za mafuko. Amene adatisungira ndakatulozo ndi akatswiri achisilamu a ku Basra ndi ku Kufa, pozindikira kuti chilankhulo chidakhwimira mmenemo, ndi kuti wosazidziwa amapunthwa pa mawu ovuta a Qur'an. Iwo adatunga madzi pa chitsime chokumbidwa ndi anthu osiyana nawo chikhulupiriro, ndipo sadaone chonyazitsa. Ifenso khutba ya Lachisanu timaimasulira m'Chichewa, ndipo Chichewa cholembedwacho mbali ina chidasulidwa ndi anthu onga Nthara. Mwalimu amene Chichewa chake n'chosauka amagawira anthu mawu olemera m'chikho chobooka.

Nanga chilankhulo cha m'bukumo n'chovuta monga ana amanenera? Pang'ono chabe. Kalembedwe ka mawu kasintha kangapo. Kale ankalemba c pamene ife tilemba ch, monga achitirabe anzathu a ku Zambia, ndipo ngakhale dzina la wolembayu limapezeka pena Ntara, pena Nthara. Mu 1968 chilankhulochi chidasinthidwa dzina kuchoka pa Chinyanja kukhala Chichewa, mu 1972 kudakhazikitsidwa Chichewa Board yoyang'anira malamulo a kalembedwe, ndipo mu 1996 ntchitoyo idapita ku Centre for Language Studies ku Zomba. Zimenezi n'zapamwamba, mwana amazizolowera m'masamba ochepa. Mawu a zinthu zimene zidatha mphunzitsi atha kuwamasulira pa bolodi. Chovuta chenicheni ndi mpweya wa chiganizo. Nthara adalemba ndi khutu la munthu wokulira pa nthano, ndipo ziganizo zake zimafuna kutulukira pakamwa. Mwana wozolowera timauthenga ta pafoni, tosakaniza Chichewa ndi Chingerezi, akaziwerenga ndi maso okha amasochera pakati. Tamuwerengerani mokweza, mfumu muipatse mawu a ufumu, mayi wolira mumupatse mawu ake, muone ngati mwanayo adzuke kutuluka. Ife a madrasa izi sitifunika kuuzidwa, poti ntchito yathu yonse idamangidwa pa liwu, ngakhale nafenso tili ndi nthenda yathu yofanana ndi ya manotsi, ya mwana woloweza masamba ambirimbiri osadziwa chimene akunena.

Manotsi ndiwo akupha Nthondo, ndipo akumupha mochenjera, potenga gawo lofooka la buku n'kulisandutsa buku lonse. Mutu uliwonse amaufinya mpaka patatsala phunziro: kuba n'koipa, mwano subala zabwino, tizimvera makolo. Mwana wa zaka 17 amazidziwa kale zimenezi, ndipo akaona kuti buku lathunthu langomuuza zomwezo, amaganiza kuti olemba akale adali anthu osowa chonena. Aphunzitsi sindiwasenzetsa mlandu wonse. Kalasi ya ana ochuluka ogawana mabuku owerengeka, mayeso ali pakhomo, imakankhira aliyense ku chidule. Koma mafunso ena sadya nthawi yambiri. Ndi pa mutu uti pamene Nthondo akadatha kubwezedwa, ndipo akadamubweza ndani? Kodi mudzi umene udamulephera ali mwana udachita bwino kumupatsa ufumu? Inu mukadakhala mmodzi mwa amene adawabera, kutembenuka kwake mukadakukhulupirira? Mafunso otere alibe yankho la pa fotokope, ndipo amene sadatsegule buku sangawayankhe.

Chodandaulitsa n'chakuti Nthondo ndi wamwayi pakati pa abale ake, poti silabasi, ngakhale imamufinya, ndiyo ikumusunga m'sitolo. Nthara adalembanso Mbiri ya Achewa. Adalemba Msyamboza, mbiri ya mfumu ya ku Dowa, imene Young adaimasuliranso mu 1949 n'kuitcha Headman's Enterprise, komanso Nchowa, nkhani imene mwini wake ndi mkazi. Mabuku a Willie Zingani, Jolly Max Ntaba ndi Whyghtone Kamthunzi, amene amsinkhu wanga tidakula tikubwerekana mpaka zikuto kuthothoka, nawonso ayamba kulowa m'gulu la akale, ndipo ambiri mwa iwo munthu amawapeza mwa mwayi, pa mulu wa mabuku ogulitsidwa pansi mumsika. Chaka chatha ndidafunafuna Nchowa m'masitolo a mabuku, kuti atsikana a m'kalasi langa aone mmene wolemba yemweyu adalembera za mkazi. Wogulitsa wina, mnyamata waulemu wake, adandifunsa kuti, "Kodi bambo, bukulo lili pa silabasi?" Nditati ayi, adandilozera shelefu ya manotsi.